Batani Losalumpha

Ku Lichinga mwezi wa Juni kumazizira moti ngakhale miseche imatuluka m'kamwa ikufuka nthunzi. Koma m'mawa wa Lachinayi limenelo Nércia sanafune juzi. Foni yake inamutenthetsa yokha.

Anali pakhonde la nyumba ya bambo ake ku Nzinje, lichero la nyemba lili pamiyendo, pamene chala chinaterereka n'kutsegula chithunzi chimene Jéssica anapachika pa Watsapu kuti dziko lonse lione. Jéssica ameneyu ndi mtsikana woimba, wa mawu obadwa nawo ndi nsidze zochita kugula. Pachithunzipo panalibe nkhope. Panali manja awiri basi: dzanja la zikhadabo zofiira litagwira batani lopotokola, ndipo pamwamba pake dzanja lachimuna la chipsera pachala chachikulu. M'munsi mwake analemba kuti: "Aphunzitsi anga ndi oleza mtima."

Chipsera chimenecho Nércia ankachidziwa kuposa mwini wake. Bala lake analimanga yekha ndi kansanza ka kapulana, chitenje chake chomwe, tsiku limene chibwenzi chake Clésio anadzicheka ndi chitini cha nsomba pofuna kuonetsa kuti iyenso ndi mwamuna wodziwa kuphika.

Anaika lichero pansi n'kuyamba kulemba ndi zala ziwiri.

"Dzanja ili ndi la ndani?"

Yankho linabwera msanga, msanga wa munthu wolakwa. "Bondiya, amori wanga."

"Sindinafunse ngati kwacha. Ndafunsa za dzanja."

"Ndi za ntchito chabe. Ndikufotokozera madzulo."

"Sunga mpweya. Ndikubwera."

Mkwiyo wa Nércia sunali wa nsanje yokha, ngakhale nsanjeyo inalipo yokwana kugawira bayiro yonse, dera lonse la Nzinje. Kunali kutatsala masiku awiri kuti lifike Loweruka, tsiku limene malume ake a Clésio anakonza zodzagogoda pakhomo ngati nkhoswe. Ndipo mwini khomolo, bambo Ambrósio kalipentala, anali atanena kale kawiri kuti sadzatsegula.

"Mwamuna amagwira khasu, sowo, kaya cholembera," ankatero. "Uyu wakoyu amatsina zitsekerero za mabotolo n'kumati ndaimba. Mwana wanga sadzadya phokoso."

Ndiye Nércia anachita chimene mwana wamkazi wanzeru amachita bambo akauma mutu: anaba. Lolemba anakoka sutukesi yachitsulo ya pansi pa bedi n'kutengamo kaseti ya malemu mayi ake, a Teodora.

Kasetiyo inali kalata. Nkhondo itatha, bambo Ambrósio anatsogola kubwerera kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Mangochi, kudzaona ngati mtenderewo unali woona, ndipo mkazi wawo, poti sankadziwa kulemba, anawatumizira nyimbo. Nércia anali asanabadwe, ngakhale kulotedwa, koma nkhaniyo anakula akuimva ngati pemphero: mmene mayi anabwerekera wailesi kwa masisitere, mmene anadzitsekera okha m'kanyumba chifukwa cha manyazi, n'kuimbira mwamuna wawo wa kutali. Tsono zaka makumi atatu zinaidya kasetiyo. Masiku ano inkangoti shwaaa ngati mvula pamalata, mayi akumveka ngati ali pansi pa chitsime. Clésio analonjeza kuwatulutsa m'chitsimemo. Ndipo Nércia anaona kuti bambo akangomva mkazi wawo akuimba ngati ali pabalaza, chitseko cha Loweruka chitseguka chokha.

Iye kusanduka mbala chifukwa cha mwamuna, mwamunayo n'kumaphunzitsa zikhadabo zofiira!

Anaimitsa mota pamsewu, njinga yamoto ya hayala, n'kuuza mnyamata woyendetsa:

"Ku Chiuaula, mano wanga. Mabuleki uwaiwale."

"Kuli maliro, mana?"

"Sanachitike. Ndikupita kukawayambitsa."

* * *

Situdiyo ya Clésio ndi kachipinda ka kuseri kwa malo ometera, makoma ake omatidwa mathireyi a mazira ngati mwini wake ndi nkhuku. Patebulo pali kompyuta, zokuzira mawu ziwiri, ndi mfumukazi ya nyumbayo: kabokosi kakuda kotalika ngati buledi, ka mabatani opotokola khumi ndi asanu ndi limodzi, lililonse lozunguliridwa ndi timagetsi tobiriwira. Clésio amakatcha kontoroladora. Anakayembekezera miyezi itatu kuchokera kunja kudzera ku Nampula, ndipo kali ndi lamulo limodzi lokha: osakhudza. Tsiku lina Nércia anangokapukuta fumbi ndi kapulana, Clésio anakuwa ngati wamupondera khanda.

Nércia sanagogode. Anakankha chitseko n'kupeza Jéssica atakhala pa mpando wokhawo wa m'chipindamo, mwendo wina pamwamba pa unzake. Clésio anali chiimire, zomvera m'makutu zili lende m'khosi.

"Mana Nércia!" anatero Jéssica, akumwetulira ngati walandira mphatso. "Mwafika ngati ambulansi. Kwagwanji?"

"Sindinabwerere iwe. Clésio, tambasula dzanja."

"Nércia, tamvera kaye..."

"Tambasula! Ndione ngati chipsera chija chinasamukira kwa mwamuna wina."

Clésio anabisa dzanja kumbuyo, komwe kuli kuvomera mlandu kwa munthu wopanda loya.

"Ine ndimalichotsa dzanja lakelo!" anatero. "Wagwira batani popanda chilolezo, ine n'kulumpha kuti ndilichotse, iye ndi dzanja linalo wajambula. Funsa mwini wake, ali apayu."

"Ine sindikukumbukira bwino," anatero Jéssica akuyang'ana zikhadabo zake. "Chimene ndikukumbukira n'chakuti dzanjalo linali lofunda."

"Wamva?" Nércia analoza kabokosiko. "Chaka chathunthu ine aka ndimakaonera patali ngati guwa la tchalitchi cha eni. Ndikayandikira, usakhudze. Ndikapumira pafupi, usakhudze. Lero zikhadabo zogula pamsika zakakhudza, ndipo kumwamba sikunagwe!"

"Kunagwa!" Clésio nayenso anapsa mtima. "Anandiwonongera ntchito ya tsiku lonse! Iwe ukuyesa kuti awa ndi mabatani a wailesi ya bambo ako, aja olumpha ngati chule, apa zii, apa phokoso? Batani ili lili ndi masitepe oposa zikwi khumi ndi zisanu ndi chimodzi likazungulira kamodzi. Sililumpha kanthu. Ukaligwedeza pang'ono, ngati ukuchotsa chitsotso m'diso la mwana, mawu asintha kale. Ndi limeneli ndakhala ndikusenda nalo phokoso pa mawu a mayi ako, masiku atatu, khungu ndi khungu ngati anyezi, msana kuwawa, kudya kuiwala, ndiye iwe ukubwera kuno ndi..."

"Pa masitepe zikwi zonsezo, Jéssica ali pa sitepe iti?"

Clésio anangoyang'ana mabatani ake. Masamu amenewo kabokosi sikanabwere nawo.

Ikadathera pomwepo, bwenzi ili ndewu wamba, ya mtundu uja umatha ndi mbatata yokazinga ndi kupepesa. Koma Jéssica ndi wa anthu aja akaona moto wayamba kuzilala amathamangira parafini. Anaimirira, anakonza siketi, ndipo popita kuchitseko anayamba kung'ung'uza, kenako kuimba ndithu, ndi mawu ake okomawo:

"Bulangete lili kuno,
mwini wake ali kuno,
Ambrósio, bwera udzatitenge..."

M'chipindamo munazizira kuposa panja.

Nyimbo imeneyo sinamvekepo pa wailesi, sinaimbidwepo m'tchalitchi. Pa dziko lonse la amoyo oidziwa anali awiri, bambo ndi mwana wawo, Clésio n'kukhala wachitatu wongobwereka.

"Nyimbo ya mayi anga," anatero Nércia motsitsa mawu, "ikutani m'kamwa mwako?"

"Ii, ndi ya mayi anu? Pepani, mana. Ndaimva dzulo ndikudikira panja. Koma ikukoma! Ndimawauza aphunzitsi kuti titaiikira ng'oma zamakono pansi, ine n'kuimba pamwamba, Niassa yense, chigawo chonsechi, avina."

Chimene chinapulumutsa nsidze za Jéssica ndi Clésio, yemwe analumphira pakati n'kulandira m'chifuwa chibakera chimene sichinali chake. Jéssica anatuluka osathamanga, akugwedeza zala m'mwamba.

"Chawu, aphunzitsi."

"Sindinamupatse ine," anatero Clésio akusisita pachifuwa. "Chitseko ichi n'chopyapyala. Ndikadatani?"

"Ukadavala za m'makutuzo! Unazigulira kukongoletsa khosi? Ndakupatsa mayi anga m'manja, iwe wawayanika pamsewu ngati usipa. Mawa ometedwa kunjaku aziwaimbira likhweru!"

"Nércia, ndalakwa pamenepo. Koma ukamva mmene zatulukira..."

Foni ya Clésio inalira patebulo. Unali uthenga wa mawu. Pofuna kuthawa maso a Nércia, anautsegula mokweza.

"Mphwanga!" Anali malume ake, a Henrique a ku Lione, mawu awo okhuthala ngati akulankhulira mu mgolo. "Jekete ndasita, nsapato ndapaka. Koma dzulo unati bambo wa mtsikanayo ndi Ambrósio kalipentala? Uja anali ku Mangochi?" Kenako kuseka kwawo kuja, kokokera mpweya m'kati ngati pampu ya njinga: "Hiii-ya, hiii-ya! Dziko ndi kansalu kakang'ono. Chabwino. Usaope, mwanawe. Loweruka ndafika."

"Wamva?" anatero Clésio, nkhope itawala. "Amadziwana ndi bambo ako. Zonse ziyenda mosavuta."

Foni ya Nércia nayo inayamba kunjenjemera m'manja. Pagalasi panalembedwa kuti Baba.

"Bwera kunyumba," anatero mawuwo. "Ubwere ndi chimene watenga."

* * *

Anawapeza atakhala pabalaza, sutukesi yachitsulo ili chitsegulire, zovala za malemu zili mbwee pansi. Bambo Ambrósio si munthu wokuwa. Akakwiya amalankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse kuliyeza kaye ngati thabwa, ndipo m'pamene munthu umalakalaka akadangokumenya zithe.

Nércia anagwada pafupi ndi chitseko.

"Ili kuti?"

"Ili bwino, Baba."

"Sindinafunse ngati yadzuka bwanji."

"Ili kwa Clésio."

"Kwa wotsina zitsekerero." Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa za mvula yoti waiona kale. "Kaseti imeneyo inawoloka malire m'thumba la munthu woyenda pansi masiku anayi. Mvula sinaikhudze. Asilikali sanaione. Chiswe chinadya sutukesi yoyamba, iyo n'kuisiya. Mbala yokhayo imene yatha kuitenga ndabereka ndekha."

"Baba, Amayi sakumvekanso m'kasetimo. Mumangomva shwaa. Iye ali ndi makina oti..."

"Ine ndimawamva! Anakuuza ndani kuti sindiwamva?" Apa mawu anakwera, koyamba m'zaka zinayi chimwalirireni mayi. "Ukuyesa kuti ndimamvera makutu?"

Misozi inafika m'maso mwa Nércia, koma mkwiyo unaiuza kuti idikire kaye. Nayenso ndi mwana wa bambo ake.

"Nanga ine? Inu mawu a Amayi ali mtsikana muli nawo m'mutu. Ine ndili ndi shwaa. Mwawatsekera mu sutukesi ngati ndi anu nokha. Ndipo Clésio mwamukana musanamuonepo akugwira ntchito yake. Si inu nomwe mumati kalipentala saonekera jekete, amaonekera chitseko chikatsekeka?"

Kubwezeredwa mwambi wako ndi mwana wako kumawawa ngati kulumidwa ndi galu woweta wekha. Bambo anayang'ana mpango wa malemu umene unali pa bondo pawo.

"Abwere lero, kinze ora, dzuwa likangopendeka. Abwere ndi kaseti yanga ndi zitsekerero zakezo. Ndikamva mkazi wanga, nkhoswe wake ndimuyalira mkeka. Ndikamva zina, dzina la mnyamata ameneyo lisadzatchulidwenso pakhomo pano. Tamvana?"

"Tamvana, Baba."

"Tola zovala za mayi ako. Uzipinde mmene unazipezera, poti njira ya m'sutukesi ukuidziwa."

* * *

Atabwerera pakhonde Nércia analembera Clésio uthenga.

"Kinze ora. Bwera ndi zonse. Uvale malaya a kolala, osati chija chojambulidwa chigaza."

"Wandikhululukira?"

"Ayi."

"Nanga ndikubwereranji?"

"Kudzagwira ntchito. Kukhululuka ndi kwa mawa, ngati mawalo lilipo. Ndipo umuuze wophunzira wako achotse chithunzi chija, apo ayi zikhadabozo ndidzazizula chimodzichimodzi ndi pulayala ya Baba."

Pasanathe mphindi zisanu chithunzi chinachoka. M'malo mwake Jéssica anaika china: mpando uja wa mu situdiyo wopanda munthu, m'munsi mwake liwu limodzi lokha, "Ndidikira."

Nércia anaponya foni m'lichero n'kuikwirira ndi nyemba.

* * *

Clésio anafika nthawi isanakwane, katundu wake atamukulunga m'bulangete ngati wodwala wopita kuchipatala. Chipewa anavulira pageti. Anaodira katatu, analowa chowerama, n'kukhala pasimenti pafupi ndi tebulo. Moni wake bambo Ambrósio sanauyankhe. Anangotambasula dzanja.

Clésio anapereka kaseti ndi manja awiri. Bambo anaitembenuza uku ndi uku, anaiyang'anira padzuwa la pawindo, n'kuiika m'thumba la malaya, pamtima.

"Nyimbo ndinaikopera mu kompyuta, Bambo. Kasetiyo sindinaivulaze."

"Ndakufunsa?"

Nércia anaima pachitseko cha kukhitchini, manja atapinda, wokwiyira onse awiri mofanana kuti wina asadandaule. Clésio analumikiza mawaya ake. Timagetsi tobiriwira tinayaka. Anadina.

Shwaa uja kunalibe. M'malo mwake munatuluka mawu a mtsikana, oyera ngati madzi a m'kapu:

"Bulangete lili kuno,
mwini wake ali kuno..."

Nércia anagwira mphuthu ya chitseko. Chibadwire anali asanamvepo mayi ake akukoka mpweya pakati pa mizere ya nyimboyo. Anatembenuka kuti aone misozi ya bambo ake, koma nkhope imene anaipeza inali youma ngati thabwa la mlombwa.

"Zimitsa."

Clésio anazimitsa.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi... ndi Amayi, Bambo."

"Amayi ako mwina. Teodora anali ndi chifuwa. Akaimba pamtondo mbale zinkanjenjemera pathandala. Uyu wandibweretserayu ndi udzudzu wovala mpango. Wapala thabwa mpaka latsala pepala! Mmisiri wopusa ndi amene amakondwera ndi kusalala, osaona kuti mwendo wa tebulo watha."

Maso amene Nércia anamuponyera Clésio akadakhala misomali, bwenzi mnyamatayo atakhomereredwa kukhoma mpaka lero. Masiku atatu, anyezi, msana kuwawa, zonsezo kuti abweretse udzudzu!

Clésio anatuluka thukuta, mu Juni, ku Lichinga. Koma sanathawe.

"Pansi pa mawuwo panali kulira kwa injini ya wailesi, kuja kwa huuu, ndiye ndinadula zapansi zonse. Ndinapitirira muyezo. Koma kuno si ku matabwa, Bambo. Chimene ndapala chimabwerera."

"Palibe chopalidwa chimene chimabwerera."

"Tagwirani apa."

Ndipo anakankhira kabokosi kaja kutsogolo kwa bambo Ambrósio. Nércia anatsala pang'ono kuseka ndi ukali. Basi, Niassa yense akakhudza kabokosi kameneka kupatula iye.

"Batani lachitatu ili," anatero Clésio. "Mulipotokolere kumanzere, pang'onopang'ono, ngati mukusuntha mpeni wa chopalira matabwa. Mukamva kuti chifuwa chawo chabwera, injini isanalowe, muime pomwepo. Ine sindingadziwe poimira. Sindinawamvepo."

Mawu otsirizawo ndi amene anagwira ntchito. Bambo anamuyang'ana mnyamatayo koyamba ngati munthu, osati ngati chiswe. Anapukuta zala pa buluku, zala zija zokhakhala ngati khungwa la paini, n'kutsina chitsekerero cha botolo.

Nyimbo inayambanso. Kamagetsi kamodzi kanazima, kenako kena. Mawu a mtsikana uja anayamba kunenepa ngati mwana wobwerera kwa amake. Bambo anatsinzina.

"Ayi... ayi... pafupi..."

Chala chinasuntha mwina utali wa tsitsi limodzi. Chinaima.

Ndipo Teodora analowa m'nyumba mwake. Analowa yense, ndi chifuwa chake, ndi kuseka kobisika pansi pa liwu loti Ambrósio. Milomo ya bambo inkayenda limodzi ndi nyimboyo popanda mawu. Nércia anapezeka atakhala pansi osadziwa kuti wakhala liti, misozi ija anaiuza kuti idikire itatopa kudikira.

Nyimbo itatha, bambo anapukuta kumaso ndi mkono wa malaya.

"Fumbi la paini," anatero, ngakhale panalibe amene anafunsa. Anatsokomola. "Nércia, mlendo wakhala pasimenti ngati mphaka. M'nyumba muno mulibe mkeka?"

Nércia anathamanga. Anabweretsa mkeka watsopano uja wosungira alendo olemekezeka, anauyala, ndipo Clésio anasunthirapo mwaulemu ngati akukwera ndege. Powerama, Nércia anamutsina pamkono, kutsina kwa pakati pa chilango ndi chikondi.

"Batani lako silinama," anatero bambo. "Nkhoswe wako afike Loweruka m'mawa. Ine sindidikira munthu dzuwa lili pamutu."

Apa munthu wanzeru akadathokoza, n'kukulunga katundu wake m'bulangete, n'kupita kwawo akuimba. Koma mmisiri akayamikiridwa amaledzera kuposa wa kachasu.

"Bambo, simunaone kanthu," anatero Clésio, chifuwa chitatukuka. "Mukapitirira pang'ono chabe, pali kampata kakang'ono injini isanayambe kulira. Ineyo sindinakafufuze, koma pamenepo mukhoza kumva ngakhale kanyumba kamene anaimbiramo. Batani wamba likadalumpha pamenepo. Ili sililumpha."

"Kanyumba kathu ka ku Mangochi?" Maso a bambo anawala ngati a mwana. "Bwezera poyambira penipeni. Paja pamangoti shwaa asanayambe kuimba."

Clésio anabwezera. Chala cha kalipentala chinasuntha katsitsi kena.

Kunamveka nkhuku kutali. Kunamveka mphasa ikuthetheka, munthu akukhazikika. Kenako Teodora, pafupi, akuseka chamumtima: "Ii, ndikuchita manyazi ine."

Bambo anamwetulira.

Ndipo pansi pa kusekako, pansi penipeni pamene kwa zaka makumi atatu panali phokoso lokhalokha, panatuluka mawu ena, okhuthala ngati ochokera mu mgolo:

"Hiii-ya, hiii-ya! Usaope, Dora. Yang'ana ine. Yambanso."

Nércia anakuzindikira kusekako. Pampu ya njinga imeneyo anali ataimva m'mawa womwewo.

Kumwetulira kwa bambo sikunachoke msanga. Kunatsala pankhope kanthawi, ngati chitseko chimene nyumba yake yagwa kale.

"Bwezera."

Clésio anabwezera.

"Bwezeranso."

Kachitatu konse mwamunayo anaseka m'nyumba ya bambo Ambrósio, ndipo kachitatu konse Teodora anayamba kuimba atauzidwa kuti ayang'ane iye.

"Masisitere," anatero bambo, pang'onopang'ono, liwu lililonse loyezedwa. "Anati wailesi ya masisitere. Anati anali yekha." Anachotsa chala pa batani ngati latentha. "Sisitere ameneyu ndikumudziwa. Anali ndi wailesi ya mabatire asanu ndi limodzi. Analinso ndi dzino lakutsogolo limene ndinaligulula ndekha pamzere wolandirira ufa, chifukwa cha dzina lomweli la Dora. Henrique wa ku Lione."

"Baba, mwina anangobwereketsa wailesi..."

"Khala chete!"

Anapisa m'thumba la pamtima, anatulutsa kaseti ija, anaiika patebulo n'kuikankhira kutali ndi chala chimodzi.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikugona ndi mwamuna ameneyu pansi pa bedi langa. Ndikumupukuta fumbi. Ndikumuteteza ku chiswe."

Timagetsi tobiriwira tinkangoyaka, tosadziwa kanthu. Kenako bambo anatembenukira kwa Clésio, ndipo mawu awo anafewa, kufewa koopsa kuja.

"Mnyamata, iwe sunalakwe. Wagwira ntchito yako. Koma pali chimene sindinakufunse. Nkhoswe wako wa Lowerukayo ndani?"

Tsiku lonse Nércia anakhala akukumba choonadi m'kamwa mwa mwamuna ameneyu, ndi mawu, ndi chibakera. Tsopano anamuyang'ana ndi maso onse awiri, akumupempha chinthu chimodzi chokha: nama. Tchula wina aliyense. Tchula wometa, tchula wa mota, Loweruka tidzaona.

Koma Clésio anali ngati batani lake. Kulumpha sankadziwa.

"Ndi malume anga, Bambo," anatero, maso ali pansi. "A Henrique."

Bambo Ambrósio anaimirira. Anawerama, mawondo akulira, n'kugwira ngodya ya mkeka watsopano uja.

"Nyamuka," anatero. "Wakhalira mkeka wanga."